Mmene ndinathetsera vuto la ERR_BUSY mu Godot

Masewera a bawo amene ndikukonza mu Godot 4, pulogalamu yopangira masewera a pa kompyuta ndi pa foni, amatumiza zotsatira ku seva (kompyuta ya pa intaneti yolandira zotsatirazo) kudzera pa HTTPRequest, chida cha Godot chotumizira mapempho pa intaneti, koma pa mafoni a anzanga a ku Kapiri, kuno ku Mchinji, kumene netiweki imavuta nthawi zina, pempho lachiwiri linkakanidwa ndi uthenga wa ERR_BUSY. Chifukwa chake n'chakuti HTTPRequest imodzi siilandira pempho latsopano loyamba lisanamalizike. Mu GDScript, chilankhulo cholembera mapulogalamu mu Godot, ndinaika await (lamulo lodikira) pa request_completed (chizindikiro choti pempho lamalizika) kuti pulogalamu izidikira yankho isanatumize pempho lina, ndipo timeout, nthawi yodikira yankho, ndinaichotsa pa 0, amene amatanthauza kudikira mpaka kalekale, n'kuiika pa masekondi 15. Zotsatira zimene zalephera kupita zimasungidwa kaye mu user:// (foda ya masewerawa pa foni) n'kutumizidwanso netiweki ikabwerera.