Momwe mungazungulire Cape Peninsula panjinga muli gulu

Njira yomwe mpikisano wa njinga wa Cape Town Cycle Tour, womwe unayamba mu 1978 ku South Africa, umadutsa mwezi wa Malichi ndi ya makilomita pafupifupi 109. Simukuyenera kudikira tsiku la mpikisano. Anthu asanu kapena asanu ndi atatu mungathe kuizungulira Lamlungu lililonse, kungoti msewu wa M3 masiku wamba salola njinga, ndiye mudzere Main Road mpaka ku Muizenberg.

Njinga ikhale ya magiya, yoti mwaipalasapo kale makilomita 70 osamva kupweteka msana. Zotchipa za pa Facebook zija samalani nazo: wogulitsa akamakana kuonetsa nambala ya pansi pa felemu kapena akufuna mukumane pakona usiku, njingayo mwina ndi yakuba. Aliyense anyamule machubu awiri, pampu, mabotolo awiri a madzi ndi chipewa choteteza mutu, chomwe ku South Africa ndi lamulo. Machubu opanda dzina a m'mashopu a zonsezonse amatuluka mpweya pa valavu, ndalama mwasungayo mudzailipira mutakhala m'mbali mwa msewu. Matayala a 28 mm apopeni mpaka geji ya pampu ifike pa mabaa 5 kapena 6.

Nyamukani mumzinda wa Cape Town isanakwane 6 koloko m'mawa, mulowere ku Muizenberg, Kalk Bay, Fish Hoek ndi Simon's Town. Mukatero nyanja imakhala kumanzere kwanu, mbali yomwe mukupalasa.

Gulu limabalalikira pano. M'chilimwe kumaomba mphepo yochokera kummwera chakummawa, ija amati Cape Doctor, mbale wake wa mwera wa kunyanja kwathu. Mu 2017 inalepheretsa mpikisano wonse. Kuyambira ku Muizenberg mpaka pachitunda cha Smitswinkel imakuombani kumaso, ndipo anyamata amphamvu amafuna kulimbana nayo. Akatero amatsogola okha, otsala m'mbuyo aliyense n'kumalimbana ndi mphepo payekha, mphamvu n'kuthera pa kilomita 50. Yendani mondondozana, monganso lamulo la ku Western Cape limanenera, tayala lanu lakutsogolo litalikire theka la mita kuchoka pa la mnzanu. Wotsogola akhale kutsogolo mphindi imodzi kapena ziwiri basi, ayang'ane m'mbuyo ngati kulibe galimoto, apatuke pang'ono, ena adutse, iye akalowe kumapeto. Wolowa kutsogolo asawonjezere liwiro. Tayala lanu lisalowe m'mbali mwa la mnzanu, chifukwa mphepo ikamukankha pang'ono, wogwa ndinu. Wofooka muikeni wachitatu, osati kumapeto komwe angatsale osaonedwa. Ndipo idyani musanamve njala: nthochi kapena buledi wa chiponde mphindi 40 zilizonse, botolo limodzi la madzi pa ola. Anthu amaiwala kumwa chifukwa mphepo imaumitsa thukuta, kenako minofu imakokana ku Hout Bay.

Pamwamba pa Smitswinkel dikiranani, koma nthochi zibiseni m'thumba. Anyani a kumeneko sachita manyazi.

Mukakhotera ku Scarborough ndi Misty Cliffs mphepo ija imakukankhani kumsana. Madzi dzazani ku Noordhoek. Msewu wa Chapman's Peak ndi makilomita 9 a makona okhaokha. Magalimoto amalipira, njinga ayi, koma amautseka kukagwa miyala kapena mphepo ikanyanya, choncho fufuzani m'mawa musananyamuke. Akatseka, njira yanu ndi Ou Kaapse Weg, yomwe ndi chitunda chenicheni, kenako mudzere Constantia Nek kuti mukafike ku Hout Bay. Potsetsereka talikiranani, gwirani mabuleki musanalowe pakona, osati muli m'kati mwake.

Chitunda cha Suikerbossie, potuluka mu Hout Bay, ndi makilomita awiri okha, ikani giya yopepuka kuyambira pansi, aliyense akwere mwa yekha. Zotsalazo n'zosavuta: Victoria Road, Camps Bay, Sea Point, mwafika ku Green Point. Ku Camps Bay samalani zitseko za magalimoto oimikidwa.