Poyamba ntchito yoyang'anira anthu odzipereka pa mpingo wa m'tauni

Mukapatsidwa udindo woyang'anira anthu ogwira ntchito mongodzipereka pa mpingo wa m'tauni, monga ku Ndirande mumzinda wa Blantyre, musafulumire kusintha zinthu m'sabata zoyambirira. Yambani mwakhala pansi ndi abusa, akulu a mpingo komanso amayi a Mvano, chifukwa iwowa ndiwo akudziwa makomo a odwala, a okalamba ndiponso a ana amasiye, ndipo akhala akuwayendera inu musanabwere.

Kenako gulani kope lachikuto cholimba, mulembemo dzina la munthu aliyense, nambala yake ya foni, dera limene amakhala ndi masiku amene amapezeka. Masikuwo ndiwo ofunika kwambiri, pakuti mayi wogulitsa tomato mumsika sangasiye benchi lake Loweruka m'mawa, ndipo mnyamata wodalira maganyu akaitanidwa kukanyamula njerwa sangakane. Gawani ntchito potsata zimenezi, ndipo pa ntchito iliyonse muikepo anthu awiri, kuti wina akagweredwa maliro mnzake apitirize. Poyendera ana, lamulo limeneli lisaphwanyidwe konse.

Nkhani ya ndalama muinene poyera tsiku loyamba lomwe. Ngati mpingo sungathe kubweza ndalama ya minibasi, auzeni mosabisa, chifukwa ndaona anthu okhulupirika akusiya mwakachetechete atadikira miyezi itatu lonjezo losakwaniritsidwa.

Gulu la WhatsApp limathandiza, koma agogo amene ali ndi foni ya mabatani muziwaimbira kapena kuwauza pamaso mukatuluka m'tchalitchi Lamulungu.