Mmene timabwezeretsera mitengo ya mangrove kwa alamu anga

Ndimakhala ku Chawama kuno ku Lusaka, kutali kwambiri ndi nyanja ya mchere. Koma madzi a Kafue ndi Luangwa amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakalowa m'nyanja ku Mozambique kudutsa m'nkhalango yaikulu ya mitengo ya mangrove, yomwe achiswahili amati mikoko. Alamu anga ndi asodzi cha ku Quelimane. Ndinakhala nawo miyezi ingapo mu 2019, chaka chimene namondwe Idai anasakaza Beira, ndipo zomwe ndikulembazi ndinaziphunzira matope ali m'maondo.

Poyamba musathamangire kubzala. Yang'anani madzi. Kunyanja madzi amadzadza n'kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo mitengoyi imamera pakati pokha, pomwe madzi amafika kenako n'kuchoka. Zikani ndodo m'matope, muzilemba pomwe madzi afika, makamaka mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene, chifukwa ndi pamene amakwera kwambiri. Ife ulendo woyamba tinabzala kumunsi, pamatope oyera omwe amamira pafupifupi tsiku lonse. Patangotha milungu yochepa mafunde anazula zina, zotsalazo zinafota. Zinandiwawa kwambiri, poti amayi a m'mudzimo anasiya ntchito zawo masiku atatu kudzatithandiza.

Kenako funsani akuluakulu kuti mitengo inalipo inapita kuti. Kwina inadulidwa kuotchera makala ndi kumangira nyumba, monga mitondo ndi misuku yathu ikuthera kuno. Kwina anthu anatseka kamtsinje ndi chiunda cha dothi kuti aziphika mchere, kapena msewu unadula njira ya madzi. Ngati vuto ndi limeneli, tengani makasu mutsegule ngalande kuti madzi azilowa ndi kutuluka. Mukatero dikirani miyezi ingapo. Mbewu za mangrove zimayandama, ndipo ngati pafupi pali nkhalango yamoyo zimabwera zokha n'kumera, nthawi zambiri bwino kuposa zobzala ndi manja.

Pokhapokha zikapanda kubwera ndiye mubzale. Pitani kunkhalango yapafupi muone mtundu uti uli pati, mutsanzire zomwezo. Mtundu wotchedwa Sonneratia umakonda kumphepete komwe mafunde amamenya, Rhizophora, ija ya mizu yotambalala ngati miyendo ya kangaude, imafuna matope ofewa m'mbali mwa timitsinje, pamene Ceriops imakhala chakumtunda. Mbewu ya Rhizophora ndi yaitali ngati chitheba chachikulu. Tolani zokhwima, zomwe zagwa zokha kapena zothothoka mukagwedeza nthambi. Zisungeni pamthunzi m'thumba lonyowa, masiku ochepa okha. Madzi akaphwa, zikani gawo limodzi mwa atatu m'matope, nsonga yophukira ili kumwamba, motalikirana phazi limodzi lalikulu.

Ntchito yeniyeni ndi kusamalira. Mbuzi zimadya masamba, nkhanu zimaluma timitengo tanthete, ndipo mapulasitiki ndi ndere zimakulunga mbande mpaka kuzigwetsa. Alamu amayenda pamalopo sabata iliyonse kuchotsa zinyalala. Muziwerenga zamoyo pakatha miyezi 6, kenako pakatha chaka, n'kubwezera pomwe zafa. Musaiwale kukhala pansi ndi amfumu, asodzi, ootcha makala ndi amayi otola nkhanu ndi nkhono, mugwirizane kuti kodula ndi kuti, kosadula ndi kuti. Munthu amene mwamuletsa nkhuni osamupatsa kwina kokatola adzabwera usiku.

Asodzi sachita kuuzidwa phindu lake: m'mizu imeneyi ndi momwe tinsomba timabisala ndi kukulira, ndipo mafunde amafooka asanafike kunyumba. Phindu lina ndi kusunga kaboni, yemwe mitengo imakoka mumpweya ndipo akachuluka m'mlengalenga amatenthetsa dziko. Za kaboni ndiye zili pansi. M'matope onyowa mpweya sulowa, choncho masamba ndi mizu yakufa siola msanga, imangounjikana zaka mazanamazana. Mukakumba dothilo kapena kuliumitsa, kaboni uja amathawira m'mlengalenga. Ku Gazi Bay ku Kenya, ntchito ya Mikoko Pamoja imalipidwa chifukwa cha kaboni wosungidwa m'nkhalango yawo, ndipo ndalamazo zathandiza pa madzi akumwa ndi mabuku a sukulu. Komabe musalonjeze anthu ndalama zoterezi pachiyambi, pakuti zimafuna kuyeza, mapepala ndi zaka. Kwa alamu sitinafikeko, koma pomwe tinatsegula ngalande paja, mitengo ina yapitirira kale msinkhu wa munthu.