Mmene mungatsimikizire siginecha ya transaction ya Ethereum mu kodi yanu

Musanalembe mzere uliwonse, dziwani kuti Ethereum siyankha kuti siginecha ndi yoona kapena yabodza. Imangokupatsani adiresi. Mukaipatsa deta yolakwika, nthawi zambiri imakupatsanibe adiresi yooneka bwinobwino, kungoti si ya munthu amene mukumuyembekezera. Ntchito yonse yagona pa kufananiza.

Choyamba, tengani transaction yosainidwa monga inabwerera, manambala aatali oyamba ndi 0x aja. Ndi ethers.js ya v6, laibulale ya JavaScript yogwirira ntchito ndi Ethereum, lembani `Transaction.from(raw)`. M'kati mwake muli siginecha ya zigawo zitatu, r, s ndi v. Imapangidwa ndi masamu osainira otchedwa ECDSA pa secp256k1, njira yomwe Bitcoin inayamba nayo mu 2009.

Chachiwiri, pezani hash, chidindo chachifupi chowerengedwa kuchokera pa deta, ya zimene zinasainidwa. Ambiri amagwa pano. Hash imene mumaiona pa Etherscan, webusaiti yoonerapo ma transaction, ndi ya transaction yonse pamodzi ndi siginecha, pomwe mwini kiyi anasaina isanakhale ndi siginecha. Choncho gwiritsani ntchito `tx.unsignedHash`. Ngati mukuwerengera nokha pa Python, samalani: `hashlib.sha3_256` si Keccak-256 imene Ethereum imagwiritsa ntchito. Maina amafanana koma zotuluka n'zosiyana, chifukwa NIST, bungwe la ku America loona za miyezo, inasintha Keccak pang'ono pokhazikitsa SHA-3 mu 2015. Kumbukiraninso kuti ma transaction a mtundu wa EIP-1559 (EIP ndi chikalata chosinthira malamulo a Ethereum), amene anayamba mu Ogasiti 2021, amayamba ndi 0x02 ndipo 0x02 yo imalowa nawo mu hash.

Chachitatu, `recoverAddress(tx.unsignedHash, tx.signature)` ikupatsani adiresi. Ifananizeni ndi imene munasunga m'database yanu, osati imene wotumizayo wakuuzani panthawi yomweyo. Zonse ziwiri zidutse kaye mu `getAddress`, chifukwa adiresi imodzi ikhoza kulembedwa ndi zilembo zazikulu ndi zazing'ono mosiyana, n'kukanidwa pachabe.

Chachinayi, yang'anani `chainId`, nambala yosonyeza netiweki imene transaction inasainidwira. Ethereum yeniyeni ndi 1, Polygon ndi 137, BNB Smart Chain ndi 56. Nambalayi inalowa mu siginecha ndi EIP-155 mu 2016, Ethereum Classic itapatukana ndi Ethereum, kuti zosainidwa kuno asakazigwiritsenso ntchito uko. Siginecha yolondola ya pa Sepolia, netiweki yongoyeserera (testnet), siikugulirani ngakhale mchere.

Amene mukulemba Solidity, chilankhulo cha mapulogalamu oyenda pa Ethereum, muli ndi msampha wina. `ecrecover`, imene imatulutsa adiresi kuchokera mu siginecha, ikalephera siimitsa kodi, imangobweza adiresi ya maziro okhaokha. Ngati adiresi yomwe mukufananiza nayo simunaiike, nayonso ndi maziro, ndipo wakuba wadutsa. Komanso `ecrecover` imalandira s yaikulu (yoposa theka la malire ake), imene ma transaction anasiya kulandira kuyambira pa kusintha kwa Ethereum kotchedwa Homestead mu 2016, kotero munthu wopanda kiyi angathe kupanga siginecha yachiwiri kuchokera pa yoyamba. Ineyo sindiona chifukwa chovutikira kulemba nokha zimenezi, laibulale ya ECDSA ya OpenZeppelin, yolembedwa kale mu Solidity, imatseka mipata yonse iwiri.

Ngati chosainidwacho ndi uthenga chabe, monga wolowera pa webusaiti ndi waleti ya MetaMask, gwiritsani ntchito `verifyMessage`, ndipo mu uthengamo muike nambala yogwira ntchito kamodzi kokha.

Pomaliza, siginecha imangosonyeza kuti mwini kiyi anavomera, osati kuti ndalama zafika. Itanani `getTransactionReceipt`, onani kuti `status` ndi 1, ndipo dikirani ma block angapo musanapereke katundu.