Kamba wa ku ntchito wa sabata yonse, wochokera mu firiza

Lamulungu masana, tikabwera ku tchalitchi n'kudya nsima, ndimapukuta tebulo bwinobwino n'kuyala masilaisi a buledi m'mizere iwiri. Ola likamatha ndimakhala nditakonza masangweji a nkhomaliro ya masiku asanu, anga ndi a bambo a kunyumba kuno, onse atalowa mu firiza. Ndakhala ndikuchita zimenezi kuyambira kumapeto kwa 2023, kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mwezi wa Novembala.

Timakhala ku Matawale mu mzinda wa Zomba, ntchito ndimagwira m'tauni. Kubwerera kunyumba masana sikutheka, pokhapokha ulipire kabaza kupita ndi kubwera. Choncho tsiku ndi tsiku ndinkatsika n'kukagula chipisi kufupi ndi depoti, kapena mpunga wa nyemba mu msika, n'kuwonjezera chakumwa chozizira. Zinthu zitakwera mtengo ndinatenga kope n'kumalemba ndalama iliyonse ya masana kwa mwezi wathunthu. Nditawonkhetsa ndinagwira pakamwa: nkhomaliro ya anthu awiri inkadya ndalama zoposa za mayunitsi a magetsi. Inunso yambani ndi kope lomwelo musanagule chilichonse, chifukwa mitengo imasintha mwezi ndi mwezi ndipo masamu anga sangafanane ndi anu. Buledi amene ndimagula amatuluka masilaisi pafupifupi 20, kutanthauza masangweji 10. Gawani mtengo wa buledi, majarini ndi zoikamo ndi nambala imeneyo, kenako yerekezerani ndi mbale imodzi ya chipisi.

Chinthu chachikulu chimene ndikufuna mumve ndi ichi: mdani wa sangweji ya mu firiza ndi madzi. Ulendo wanga woyamba ndinaika tomato, mazira owiritsa ndi mayonezi, monga mmene ndimapangira alendo akabwera. Lachiwiri masana nditatsegula, buledi anali atanyowa ngati wagwera mu tiyi, choyera cha dzira chitalimba ngati labala, mafuta a mayonezi atapatukana n'kumayenderera m'pepala. Zonse khumi zinali choncho. Chimachitika n'chakuti madzi a mu tomato, nkhaka kapena letesi akaundana amafufuma n'kuphwanya mnofu wa chinthucho, ndiye zikasungunuka madzi onse aja amatuluka, buledi n'kuwamwa. Zimenezi musaziike mu firiza. Tomato mutenge wathunthu m'chikwama pamodzi ndi kampeni ndi kamchere, mukamudulire ku ntchito komweko. Peyala ndi nthochi chimodzimodzi.

Nanga muikemo chiyani? Chilichonse chophikidwa mpaka msuzi utauma.

Chiponde ndiye mfumu. Sichichedwa kuwonongeka, chimakhutitsa, ndipo chikasungunuka chimakoma ngati chongopaka kumene. Ndimapaka mbali zonse ziwiri, pakati n'kudontheza uchi kapena jamu, kuti zotsekemerazo zisakhudze buledi. Ngati mumasinja nokha mtedza wogula mu msika, khalani pansi ndi lichero musankhe. Wonyala, wofumbwa, wakuda kapena wooneka chuku tayani osaumira. Chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuika mu firiza sikumuchotsa.

Nyemba ndi zimene ndimazikonda ine. Loweruka ndimaphika zambiri dala. Zotsala ndimakhetsa msuzi, n'kuzikazinga ndi anyezi, adyo, ufa wa curry pang'ono ndi kakambuzi kamodzi, kwinaku ndikuziphwanya ndi mthiko mpaka zilimbe ngati chiponde. Mukakanda ndi mthiko pansi pa poto n'kuona kuti njira yatsala yosatsekeka, zapsa. Zikamabwerera n'kutseka njirayo, madzi akadalimo, pitirizani pa moto.

Soya pieces muziviike m'madzi otentha, muzifinye ndi manja mwamphamvu, muzidule tizidutswa ting'onoting'ono, kenako mukazinge ndi anyezi mpaka zifiire. Nkhuku yotsala muinyenye ndi zala, muchotse mafupa ndi khungu, muibwezere pa moto ndi supuni imodzi kapena ziwiri za msuzi wake mpaka msuziwo ulowe m'nyama. Nyama yogaya nayonso imayenda choncho. Mazira musawiritse, amenyeni n'kuwakazinga mopyapyala m'chiwaya, apse mbali zonse, n'kuwadula molingana ndi silaisi. Akatero amapirira firiza bwino ndithu. Tchizi cholimba chimachitanso bwino, koma mtengo wake umachotsa phindu lonse la nkhaniyi, ndiye kwathu chimalowa pa Khirisimasi pokha. Matemba a ku Chilwa ndinayesapo, okazinga n'kusinja ndi anyezi. Amakoma, koma mu ofesi ya anthu asanu ndi mmodzi fungo lake limakhalitsa mpaka madzulo, ndiye amenewo ndimasungira bambo amene nthawi zambiri amadyera panja.

Zoikamo zonse zophika ziyambe zazizira. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa chifukwa chothamanga. Zikakhala zofunda, nthunzi imatsekeredwa m'pepala n'kusanduka madzi omwe aja tikuwathawa. Koma musazisiyenso pa tebulo tsiku lonse. Ziyaleni m'mbale yafulati kuti zizizire msanga, ndipo maola awiri asanathe zikhale zitalowa mu firiji. Ine ndimaphika Loweruka madzulo kapena Lamulungu m'mawa ndisanapite kopemphera, kuti pofika masana zikhale zozizira bwino.

Buledi mugule watsopano, wa tsiku lomwelo kapena wa dzulo lake. Wabulauni amagwira m'mimba nthawi yaitali kuposa woyera. Musamugoneke m'munsi mwa firiji podikira Lamulungu, chifukwa kuzizira kwa mmenemo kumamuumitsa msanga kuposa kukhala pa shelefu. Firiza yokha ndi imene imamusunga ali wofewa.

Tsopano sambani m'manja ndi sopo, muyale masilaisi. Pakani majarini silaisi iliyonse, ya pansi ndi ya pamwamba yomwe, mpaka m'mphepete mwenimweni. Sikuti mupake wambiri, ayi, koma pasatsale malo ouma, makamaka m'makona. Mafuta amenewo ndiwo mpanda wotchinga chinyezi cha nyemba kapena nkhuku kuti chisalowe mu buledi. Ndikapeza sangweji yonyowa kona imodzi ndimadziwa kuti pamenepo mpeni sunafike. Za chiponde zokha ndi zimene sizifuna majarini. Ikani zoikamo supuni ziwiri zodzaza, muzifalitse mofanana, mutseke, mukanikize pang'ono ndi chikhatho. Ndimadula pakati kuti zisungunuke msanga.

Kukulunga kukhale payokhapayokha, sangweji iliyonse m'pepala lake, ndipo mufinye mpweya wonse utuluke. Mpweya ukatsalira, buledi amauma m'mbali n'kuyera, ndipo amamveka fungo la firiza. Mapepala a buledi omwewo ndimawasunga, kuwakutumula nyenyeswa, kuwatsuka ndi kuwayanika pa chingwe. Amagwira ntchito maulendo angapo. Amene munali nyama kapena mazira sindibwerezanso. Majumbo opyapyala aja boma linawaletsa mu 2015, ndipo ngakhale mutawapeza, amang'ambika akangokhudza ayezi. Pa pepala lililonse matani kaselotepi ka pepala mulembe tsiku ndi chimene chili m'katimo, chifukwa zikauma gwa, ya nyemba ndi ya nkhuku zimaoneka chimodzimodzi, ndipo m'mawa munthu ukuthamangira minibasi ulibe nthawi yotsegula imodziimodzi. Usiku woyamba zigoneke mosasanjikiza kuti ziundane msanga. M'mawa mwake muzilongedze m'kontena ya chivindikiro cholimba. Ikani kutali ndi nsomba ndi nyama yaiwisi: buledi amakoka fungo, komanso magazi a nyama akadontha pa nthawi yoti magetsi athima, chakudya chimene simukaphikanso chimakhala chaipitsidwa.

Firiza yabwino imafika madigiri 18 pansi pa ziro. Mu yoteroyo masangweji amakhala mwezi wathunthu osasintha kukoma, ngakhale kwathu sapitirira masabata awiri. Ngati yanu ndi firiji ya chitseko chimodzi, ya kabokosi ka ayezi m'kati, kabokosiko kawirikawiri sikazizira kufika pamenepo. Pangani za sabata imodzi yokha, ndipo za nkhuku ndi mazira muzidye Lolemba ndi Lachiwiri, za chiponde zitsalire kumapeto.

Nkhani ya magetsi siingalambalalidwe. Kuzizira sikupha tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba. Kumangotigoneka, ndipo chakudya chikafunda timadzuka n'kuyamba kuswana. Firiza yodzaza, mukapanda kuitsegula, imasunga kuzizira maola pafupifupi 48 magetsi atathima. Ya theka imapirira pafupifupi maola 24. Choncho malo onse opanda kanthu ndimadzazamo mabotolo a madzi, osadzaza mpaka pakamwa chifukwa madzi akaundana amafufuma. Magetsi akathima ndimauza ana kuti chitseko chimenecho chisakhudzidwe, ngakhale afune madzi ozizira chotani.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chatha tinalandira uthenga wa maliro usiku, n'kunyamuka m'bandakucha kupita ku Jali, ndipo tinakhalako masiku atatu. M'chipwirikiti chimenecho palibe anakumbukira kuyang'ana mita. Mayunitsi anatha tili konko. Pobwera ndinapeza pansi pali madzi, masangweji khumi ndi awiri a nkhuku ndi mazira ali ofewa, osazizira n'komwe. Sanali kununkha, ndipo mtima unkandiuza kuti ndingowabwezera mu firiza. Ndinataya onse. Zinandiwawa kwambiri, koma mphuno siimva tizilombo timeneti, ndipo tsiku limodzi logona m'chipatala limaposa mtengo wa nkhuku. Kuyambira pamenepo muli kapu mu firiza yanga: ndinathira madzi, ataundana ndinaika kandalama kachitsulo pamwamba pa ayeziyo. Ndikachokapo n'kubwerera, ndimayamba ndayang'ana kapuyo. Kandalama kakakhala pamwamba, zonse zili bwino. Kakamira mpaka pansi, ndiye kuti firiza inasungunuka yonse n'kuundananso ine kulibe, ndipo za nyama ndi mazira zimapita kudzala. Mukapeza magetsi athima koma masangweji akadali ndi ayezi m'kati, amenewo angathe kuundananso popanda vuto.

M'mawa ndimatulutsa awiri cha m'ma 6 koloko, ali gwa, n'kuwaika m'kontena osamasula pepala. Kumasula msanga kumachititsa kuti mame agwere pa buledi. Pambali pake ndimaikapo botolo limodzi la madzi oundana aja, lokulunga m'kansalu kuti lisanyowetse mafayilo. Pofika 12 koloko sangweji imakhala yafewa koma ikadali yozizirira, botolo nalo lasungunuka, madzi akumwa apezeka. Nyengo ndiyo imasintha zinthu. Mu Juni ndi Julaye, nkhungu ikatsika m'phiri n'kukuta tauni yonse, ndimapeza pakati pakadali polimba, ndiye ndimazitsitsira m'munsi mwa firiji usiku wake. Mu Okutobala ndi Novembala ndi zosiyana: pofika 10 koloko zasungunuka kale. Miyezi imeneyo chikwama chisakhale pa windo kapena m'galimoto, ndipo ngati ku ntchito kuli firiji ikani mmenemo mukangofika. Ya nyama kapena mazira ikasiya kuzizira isadutse maola awiri musanadye, ndipo kukatentha kwambiri ola limodzi lokha. Tsiku limene ndikudziwa kuti kuli msonkhano wotha mochedwa ndimatenga za chiponde. Yotsala madzulo siibwereranso mu firiza.

Ndinene zoona, masangweji awiri si nsima. Ine wokhala pa desiki amandikwanira, ndi kapu ya tiyi ndi chipatso cha nyengo yake, kaya mango, kaya nanazi, kaya manachesi. Bambo amayenda kwambiri pa ntchito yawo, ndiye amatenga atatu ndi mbatata yophika kapena chinangwa chotsala pa kadzutsa. Nsima timakadya madzulo tonse pamodzi. Lachisanu lina ndimapitabe kukagula chipisi ndi anzanga, chifukwa kucheza kwa pa chiwaya nakonso n'kofunika, koma tsopano ndi kamodzi pa mwezi, osati tsiku lililonse.

Mayi wina amene timagwira naye ntchito anandiyang'anitsitsa tsiku lina ndikudula tomato pa chivindikiro cha kontena. "Achemwali, buledi wa Lamulungu mukudya Lachinayi? Sakupwetekani m'mimba ameneyu?" Ndinamupatsa theka la ya nyemba. Anatafuna, n'kuitembenuza kuyang'ana m'mphepete, kenako anati, "Koma ndiye ngofewatu. Vuto ine firiza ndilibe." Tinagwirizana kuti azibweretsa ake Lolemba m'mawa m'kontena yolemba dzina, ine n'kukawasunga kwathu, n'kumamubweretsera awiri tsiku lililonse pamodzi ndi anga. Iye amandithirako ya mayunitsi mwezi ukatha. Ngati inunso mulibe firiza, funsani m'bale kapena woyandikana naye nyumba amene amagulitsa mafiriziasi kapena zoziziritsa kukhosi. Firiza yodzaza imamuthandiza iyenso magetsi akathima. Kontena yanu ikhale yotseka bwino, yolembedwa dzina ndi tsiku, ndipo muzikatenga m'mawa womwewo popita ku ntchito, osati usiku wake.