Momwe mungasamalire mtaya wa zinyalala ukatsekedwa, kuti usaipitse zitsime za anthu

Mtaya ukadzaza, khonsolo imakhoma chikwangwani, thirakitala ya zinyalala n'kuyamba kulowera kwina, anthu n'kumati nkhani yatha. Koma pansi paja zinyalala zimakhala zikuwolabe kwa zaka zambiri. Zimatulutsa madzi akuda onunkha amene akatswiri amati leachate, zimatulutsa mpweya woyaka, ndipo mulu wonse umanka nutitimira. Ku America lamulo limati mtaya wotsekedwa uyang'aniridwe zaka 30. Kwathu kuno lamulo la zachilengedwe la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA, limayendera mfundo yakuti woipitsa malo ndiye alipire, choncho mwini mtaya, kaya ndi khonsolo, esiteti ya fodya, sukulu yogonera pompo kapena msika, sangangotembenuka n'kumapita.

Ntchito yonse yagona pa chinthu chimodzi: madzi a mvula asalowe m'zinyalala. Mvula ya milimita imodzi pa hekitala ndi malita 10,000. Ikagwa ya mamilimita 50 usiku umodzi wa Januwale, malita 500,000 atera pamtayapo. Dothi lambiri kuno ku Kasungu ndi lamchenga, madzi amalowa ngati m'sefa, ndipo kumunsi kwake nthawi zambiri kumakhala dambo, madimba ndi zitsime zosazama zomwe anthu amamwa.

Yambani ndi malire ndi maonekedwe a mulu

Pimani malo onse pomwe zinyalala zinafika, osati pomwe pali mulu wooneka pokha. Kumbani timayenje ta mita imodzi m'mbali mpaka mupeze dothi lopanda mapulasitiki, pamenepo muzikepo zikhomo za simenti. Kenako sonkhanitsani zomwazika, muumbe mulu ngati msana wa kamba. Pamwamba patsike pang'ono, masentimita 3 mpaka 5 pa mita iliyonse. M'mbali musapitirire mita imodzi yokwera pa mamita atatu oyenda. Pakaima kuposa apo dothi limatsetsereka ndi mvula yoyamba. Mabatire a galimoto ndi a sola, zigubu za mankhwala opopera fodya ndi zotsala za kuchipatala zikaonekera, zichotsedwe padera, antchito atavala magolovesi olimba ndi magambuti.

Kukwirira: apa ndi pomwe ntchito zambiri zimafera

Pamafunika dothi lokwana masentimita 60: pansi 45 la dongo lotsindiridwa, pamwamba 15 lachonde lomeretsa udzu. Pa hekitala imodzi ndiye kuti makiyubiki mita 4,500 a dongo ndi 1,500 a dothi lachonde, ndipo mugule loposerapo chifukwa dothi lotayirira limachepa likatsindiridwa. Tipa yonyamula makiyubiki mita 10 iyenda maulendo oposa 600. Ndalama zambiri zimathera pa dizilo, osati pa dothi, choncho funani pokumba pafupi, ndipo mugwirizane ndi amfumu ndi khonsolo momwe dzenje lotsalalo lidzakonzedwere, lisadzasanduke chithaphwi chomiza ana.

Dothi lililonse lisanatsitsidwe, liyeseni. Tengani lodzaza dzanja, linyowetseni, mulipote likhale ngati pensulo, kenako mulipinde ngati mphete. Likapindika osaduka, muli dongo lokwanira. Likanyenyeka musanalipinde, ndi mchenga, tipa ibwerere. Mukafuna kutsimikiza, thirani dothi theka m'botolo loonekera, dzazani madzi, gwedezani kwambiri, siyani. Mchenga umakhazikika m'mphindi imodzi yokha, dongo limatenga tsiku kapena kuposa. Mukaona kuti mbali yaikulu yakhazikika nthawi yomweyo, dothilo silitchinga madzi.

Alipo eni matipa amene ulendo woyamba amabweretsa katondo wabwino, kapitawo akatembenuka n'kuyamba kututa mchenga wa pafupi chifukwa sulimba kukumba. Ena amadzaza kutsogolo kokha, kumbuyo kuli phwa, koma ulendo n'kuwerengedwa wathunthu. Musalipire powerenga maulendo okha. Pakhale munthu wanu polandirira, wa ndodo yopimira ndi kabuku, ndipo malipiro atsatire kuchindikala kwa dothi lomwe lagona pamtayapo.

Ambiri amathamangira makande akuda a kudambo poona kuti amamata kwambiri. Makande amafufuma akanyowa, akauma amang'aluka ming'alu yolowa dzanja, ndipo ming'aluyo imasanduka misewu ya madzi yolunjika m'zinyalala. Katondo wofiira kapena dothi la pachulu ndi abwinopo. Kukumba dambo kumawononganso malo osunga madzi, ndiye mwakonza kuno mwawononga uko.

Musathire masentimita 45 onse kamodzi. Yalani 15 okha, wazani madzi, tsindirani, kandani pamwamba ndi leki kuti gawo lotsatira ligwirane nalo, kenako yalani ena. Chinyezi choyenera mumachidziwa chonchi: finyani dothi m'dzanja likhale chibulunga, muchigwetse kuchokera m'chiuno. Chikasweka zidutswa zinayi kapena zisanu, chili bwino. Chikamwazika ngati ufa, ndi louma. Chikaphwatalala osasweka, madzi achuluka, dikirani. Rola yobwereka kwa okonza misewu imadula, koma idutse kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa gawo lililonse. Pamtaya waung'ono wa pamsika, anthu a zipika zotsindira amakwanitsa, bola gawo lisapitirire masentimita 10.

Cholakwika chachikulu chimabwera dongo litatha kutsindiridwa. Ndalama ikaduka, dothi lachonde limachedwa, dongo n'kukhala pamtunda ndi dzuwa la Okutobala. Pakatha masabata awiri lang'aluka ponseponse, ndipo kuthira dothi pamwamba pa ming'alu kumangobisa vuto. Mtaya umaoneka bwino, koma pofika Febuluwale madzi akuda ayamba kutuluka m'munsi mwa mulu. Ndiye gwirani chigawochigawo: pomwe mwatsindira lero pakwiriridwe ndi dothi lachonde sabata yomweyo, pamwamba muyalepo udzu wouma kapena mapesi. Pong'aluka kale pamafunika kugawula masentimita 15 a pamwamba, kunyowetsa ndi kutsindiranso. Njira yachidule palibe. Nthawi yabwino ya ntchitoyi ndi Meyi mpaka Julaye, dothi likadali ndi chinyezi ndipo madzi owazira sanasowe.

Ngalande ndi udzu

Kumtunda kwa mtaya kumbani ngalande yopatutsa madzi ochokera m'minda ndi mumsewu, ikatayire kutali ndi mulu. Pomwe madzi amathamanga yalani miyala. M'mbali mwa mulu bzalani vetiva m'mizere yopingasa, masentimita 10 mpaka 15 pakati pa mapando, monga momwe alangizi amaphunzitsira pa akalozera. Pamwamba penipeni ikani kapinga. Bulugamu, malayina ndi mango zisabzalidwe pamulu. Mizu imaboola dongo, ndipo mtengo ukagwa ndi mphepo umazula chivindikiro chonse. Mitengo ikhale kumalire.

Mpanda wa waya waminga umatha m'miyezi yochepa, mizati yachitsulo imakapezeka kwa ogula zitsulo zakale. Khonje kapena nkhadze sabedwa, kungoti utomoni wa nkhadze ndi woopsa m'maso. Choteteza chenicheni ndi mgwirizano ndi amfumu ndi komiti ya m'dera: pasalimidwe, pasaumbidwe njerwa, ng'ombe zisadyepo, anyamata asakumbe mbewa kapena kutentha tchire, ndipo ofuna manyowa a kudimba asafukule. Manyowa a pamtaya amakhala ndi magalasi ndi mtovu wa m'mabatire.

Mpweya ndi moto wa pansi

Pafupifupi theka la mpweya wotuluka m'mtaya ndi methane. Sanunkha, ndipo akachuluka kufika magawo 5 mpaka 15 pa 100 alionse a mpweya m'malo otsekeka, kambaliwali kamodzi n'kokwanira kuphulitsa. Fungo la mazira owola lomwe mumamva ndi mpweya wina, woopsanso. Mukatseka pamwamba ndi dongo osasiya potulukira, mpweyawu umayenda cham'mbali m'dothi lamchenga mpaka m'zimbudzi ndi m'nyumba zoyandikana. Zikani mapaipi a PVC a mamilimita 110, oboola mabowo mbali yolowa m'zinyalala, ozunguliridwa ndi miyala ya kwale, motalikirana mamita 30 mpaka 50. Atuluke mamita awiri pamwamba, kumutu kwake kukhote kuyang'ana pansi kuti mvula isalowe. Dongo lozungulira paipi litsindiridwe ndi manja. Mapaipi opyapyala otchipa amauma ndi dzuwa n'kusweka chaka chisanathe, gulani ochindikala ndipo muwapente.

Zizindikiro zoti mpweya ukutulukira polakwika ndi udzu wouma mozungulira pamalo amodzi pomwe kwina kuli kobiriwira, ndi thovu lotumphuka m'zithaphwi. Mukaona utsi wotuluka m'ming'alu kapena dothi lotentha mukaligwira m'mawa, pansi pali moto. Musafukule, chifukwa mukuupatsa mpweya, ndipo munthu akhoza kutitimira m'mphako yomwe motowo wadya. Tchingani malowo, kwirirani ndi dothi lonyowa, tsindirani, dziwitsani khonsolo. Pamtaya wotsekedwa pasamangidwe nyumba, kalasi ngakhale khola.

Kuyeza madzi

Pafunika malo osachepera atatu: chitsime chimodzi kumtunda, ziwiri kumunsi komwe madzi amalowera, kuphatikizapo mjigo kapena chitsime cha anthu chapafupi. Chakumtunda ndicho chofananizira. Yezani kawiri pachaka, mu Okutobala madzi atatsika ndi mu Malichi atakwera. Musanatunge, chotsani madzi ogonera okwana katatu omwe ali m'chitsime choyezeracho. Mabotolo atengedwe ku labotale, osati a zakumwa otsuka. Aikeni m'kulabokosi ya ayezi, ndipo oyeza tizilombo afike ku labotale tsiku lomwelo. Kuchokera ku Kasungu kupita ku Lilongwe zimatheka mukatunga mbandakucha.

Pemphani kuti ayeze pH (muyezo wa asidi m'madzi), conductivity (yosonyeza kuchuluka kwa mchere wosungunuka m'madzi), ammonia, chloride, nitrate, mtovu ndi E. coli (tizilombo topezeka m'chimbudzi). Malire a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, pa madzi akumwa ndi mamiligalamu 50 pa lita a nitrate, 0.01 a mtovu, ndipo E. coli asapezeke m'mamililita 100. Ammonia ndi chloride zikakwera kumunsi pomwe kumtunda sizinasinthe, mtaya ukudontha. Kamita ka m'thumba ka conductivity kamathandiza kuyeza mwezi ndi mwezi, koma kopanda madzi ake apadera okonzera kuti kaziyeza molondola kamanama. Zotsatira zikaipa, uzani alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo. Kuwiritsa kapena kuthira klorini kumapha tizilombo, koma sikuchotsa mtovu kapena nitrate.

Kuyendera ndi kulemba

Nyengo ya mvula yendani sabata iliyonse komanso ikagwa yamphamvu, chilimwe kamodzi pamwezi. Zigwembe zitsekedwe zikadali zazing'ono, polowa pansi padzazidwe kuti madzi asaime, ngalande zichotsedwe mchenga, zulu za chiswe ndi mauna zitsekedwe. Zikhomo zisanu pamwamba pa mulu, zoyezedwa kawiri pachaka ndi levulo ya paipi ya madzi ya amisiri omanga, zikuuzani momwe mulu ukutitimirira. Lambulani njira yotchinga moto ya mamita atatu mu Juni. Zonse zilembedwe m'buku limodzi, tsiku, dzina la woyendera ndi zithunzi za pafoni zojambulidwa pamalo omwewo, ndipo lipoti la pachaka lipite kwa mkulu wa zachilengedwe kukhonsolo, lina lisungidwe kuti a MEPA akabwera alipeze pamodzi ndi mapepala a ku labotale.