Kunena poyera za amene mukumufuna pa upulezidenti popanda kuthamangitsa makasitomala

Mwini baraka (kashopu kakang'ono) ku Ulongwe, wachigayo ku Domwe kapena wogulitsa mbatata ya kachewere ku Tsangano ali ndi ufulu wonena poyera amene akumufuna pa upulezidenti. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique amateteza ufulu wolankhula zakukhosi ndi wolowa chipani chomwe munthu wakonda. Koma pa kauntala pamabwera wa Frelimo, wa Renamo, wa MDM ndi amene savota n'komwe, ndipo metikali ya aliyense imagula sopo mofanana. Choncho mawu a ndale azituluka pakamwa pa inuyo monga nzika, shopu ikhale ya aliyense.

Yambani ndi kusankha malo oika chizindikiro. Chitenje, chipewa kapena malaya a chipani mumavala popita ku msonkhano n'kuvula pobwera. Chithunzi cha papepala mumamata ndi phala la ufa ndipo chimachoka ndi madzi. Utoto ndiye wovuta. Ena amalola achinyamata a chipani kupenta khoma lonse la shopu chifukwa akuti ndi ulere, koma kampeni imatha m'masabata ochepa pomwe khomalo limakhala likulankhula zaka zisanu, ndipo ndalama yolifufutira imachoka m'thumba mwanu. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, funsani mwini wake kaye. Ngati benchi yanu ili mumsika wa boma kapena wa khonsolo, musamatepo kanthu musanamve kwa oyang'anira msika. Lamulo la chisankho limaletsa kumata zithunzi pa matchalitchi ndi mizikiti, m'maofesi a boma, pa zikwangwani za pamsewu ndi pamalo amene padzakhale povotera. Wina akamata chithunzi cha munthu amene simukumufuna pa khoma lanu, musaching'ambe pagulu mwaukali, poti kuwononga zinthu za kampeni ndi mlandu. Itanani amene anamatawo adzachotse okha, mfumu kapena mlembi wa dera akuona.

Nthawi nayo ili ndi malire ake. Kampeni imayamba kutatsala masiku 45 kuti anthu avote, ndipo imatsekedwa kutatsala maola 48. Mu 2024 inayamba pa 24 Ogasiti n'kutha pa 6 Okutobala, anthu anavota pa 9 Okutobala. Masiku awiri omalizawo chotsani zithunzi pakhomo ndipo sipika ya pa shopu isaimbenso nyimbo za chipani. Ngakhale mkati mwa kampeni, zokuzira mawu n'zololedwa kuyambira 7 koloko m'mawa kufika 9 koloko usiku basi. Pa tsiku lovota, pasapezeke chokopa anthu pa mtunda wa mamita 300 kuchoka povotera. Apa eni mabaraka oyandikana ndi sukulu asamale kwambiri, chifukwa malo ambiri ovotera amakhala m'masukulu. Yesani mtundawo ndi mapazi: munthu wamkulu amaponda pafupifupi kokwana 400.

Ponena mawuwo, tchulani chifukwa chimodzi chokhudza ntchito yanu, n'kusiyira pomwepo. Mwachitsanzo: "Ine ndikufuna uje chifukwa cha zimene wanena pa mtengo wa feteleza. Imeneyo ndi mbali yanga, inu muli ndi yanu." Nkhani ya msewu, misonkho ya pamalire ku Zóbuè ndi ku Calómuè kapena mtengo wa mafuta anthu amaimvera ngakhale asakugwirizana nanu, poti nawonso zimawapweteka. Chimene sakhululuka ndi kunyozedwa. Mukati ovotera uje ndi mbuli, mwatukwana mayi amene amagula mchere kwa inu Loweruka lililonse, ndipo sadzakuyankhani, adzangoyamba kugula kwa mnzanu wa patsidya. Kasitomala akayambitsa mkangano, yankho lalifupi limakwana: "Ndamva bambo, tidzaonera m'bokosi. Shuga ndikupimireni wochuluka bwanji?" Pa malo ogulitsa mowa musayambe n'komwe, pakuti mtsutso wa ndale ukakumana ndi kachasu amasweka ndi mabotolo anu.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziona zazing'ono koma zingakufikitseni kukhoti. Choyamba ndi antchito. Mnyamata wa pachigayo kapena mtsikana wa pa kauntala simungamukakamize kuvala malaya a chipani, kupita ku msonkhano kapena kuulula amene wamuvotera. Voti ndi yachinsinsi, ndipo kuchotsa munthu ntchito kapena kumuopseza kuti mumuchotsa chifukwa cha voti ndi mlandu pa lamulo la chisankho. Mukatseka shopu kuti mupite ku msonkhano, mulipireni tsikulo ndipo mumusiye asankhe yekha kopita. Chachiwiri ndi buku la ngongole. Kuuza munthu kuti "ukavotera uje ndikufufutira ngongole ya mafuta ophikira" ndi kugula voti, chimodzimodzi kutsitsira mtengo okhawo ovala chitenje cha chipani chanu. Mtengo ukhale umodzi, ndipo ngongole muzipereka poona mmene munthu amabwezera.

Foni ndi imene imagwetsa ambiri. Nambala yolandirira ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola nthawi zambiri ndi yomweyo ya WhatsApp, ndiye chilichonse chimene mwaika pa status amachiona makasitomala, okugulitsani katundu ku Tete ngakhale wotolera msonkho. Ngati mungathe, khalani ndi manambala awiri, ina ya malonda ina yanuyanu. Zikakanika, lowani pa zosankha za status musankhe anthu oti aziona. Tsamba la shopu pa Facebook lisiyireni mitengo ndi katundu. Musatumize mawu ojambulidwa kapena kanema amene simukudziwa kumene wachokera, chifukwa wina akajambula sikirini, dzina lotsala pamenepo ndi lanu, ndipo kufufuta pambuyo pake sikuthandiza.

Chipani chikapempha thandizo, perekani kuchokera pa phindu, osati pa mpamba, ndipo mulembe m'buku. Galimoto kapena njinga yamoto ikabwerekedwa, gwirizanani za mafuta ndi za wokonza ikawonongeka isananyamuke. Katundu wotengedwa pa ngongole "ya kampeni" muzimuwerengera ngati mphatso, poti chisankho chikatha okonza misonkhano amabalalika.

Ambiri amaiwala kukonzekera masiku a pambuyo pa voti. Mu 2024 anapikisana Daniel Chapo, Venâncio Mondlane, Ossufo Momade ndi Lutero Simango, koma Conselho Constitucional, bwalo limene limatsimikiza zotsatira za chisankho, inadzalengeza zotsatira zomaliza pa 23 Disembala, patadutsa miyezi iwiri ndi theka. M'nyengo imeneyo m'mizinda yambiri munali zionetsero, mashopu ena anathyoledwa, ndipo masiku ena intaneti ya pa foni inkadulidwa. Chisankho cha upulezidenti chimabwera zaka zisanu zilizonse, ndiye m'nyengo yodikira zotsatira pakhomo pasakhale chizindikiro cha chipani chilichonse, ngakhale chimene chikuoneka kuti chapambana. Musaunjike katundu yense m'shopu, wina sungani kunyumba. Khalani ndi ndalama za m'manja zokwanira kuoda sabata imodzi, ndipo manambala a okubweretserani katundu muwalembe m'kope kuti muzitha kuwaimbira pamene WhatsApp yakana.